Buku Limene Linapachikidwa m'Chigafa

Buku limene linandiphunzitsa Chingerezi linabwera kwathu ngati mapepala oyatsira moto. Mayi wina amene ankapemphera ndi amayi anga ankachapa zovala pasukulu yogonera komweko ya ana a anthu olemera ku Mtunthama, ndipo ana aja akamatsekera ankataya zinthu zoti ife tikanazisunga mpaka kukalamba. Tsiku lina mayiyo anabweretsa chibuku chonenepa chopanda chikuto, n'kuwauza amayi kuti nkhuni zonyowa zisamawavutitsenso. Ndinachilanda chisanafike pamafuwa. Inali dikishonale ya Chingerezi chokhachokha, ndipo mapepala oyambirira anali atathothoka kale moti inkayambira pakati pa B.

Ife tinali matenanti. Makolo anga anachoka ku Phalombe ine ndili kumsana, n'kudzalima fodya wa bale pa esiteti ya munthu amene tinkangomutchula kuti bwana. Zinali zaka za makuponi ogulira fetereza wotsika mtengo. M'midzi yotizungulira anthu ankabwera ndi matumba a fetereza panjinga, chimanga chawo n'kubiriwira mpaka kuda. Ife makuponiwo tinkangowaonera m'manja mwa eni mudzi, poti tinali obwera, opanda mudzi wotiwerengera. Koma wailesi ya akapitawo, amene ankayang'anira matenanti onse, sinkasankha makutu. Ikangotsegulidwa inali chitukuko, chitukuko, mpaka mabatire kutha.

Chaka chimenecho ndinali mu sitandade 8. Aphunzitsi athu a Chingerezi anali ndi chiopsezo chimodzi chimene sankatopa nacho: ukalephera Chingerezi walephera zonse, ngakhale masamu ukhoze ngati makina. Ankanenetsanso kuti chimangirizo cha pamayeso sichingalephere kukhudza chitukuko, popeza dziko lonse linali pankhani yomweyo. Tsiku lina analemba pabolodi mawu awa: grow, develop, improve, progress, mature, thrive. Anatiuza kuti tiwaloweze, matanthauzo tikapeze tokha poti ndife akuluakulu, kenako anakwera njinga kukathira fetereza wawo wa kuponi chinyezi chisanathe.

Anzanga anangokopera n'kuiwala. Ine ndinali ndi chifukwa chosaiwalira. Mkulu wanga anali wanzeru kundiposa, sindikunama ayi. Bambo anamujombetsa kusukulu nyengo yothyola fodya, akuti kwa kanthawi chabe, ndipo kanthawi kameneko sikanathe mpaka lero. Pamene ine ndinkafika sitandade 8, iye anali pabanja pa esiteti ina cha ku Chisemphere, mwana wina kumsana wina m'mimba. Ndinalumbira mumtima kuti ine mayeso ndilemba, zivute zitani.

Dikishonale ya Chingerezi chokhachokha ndi yamwano. Ukaifunsa develop imakutumiza kwa grow. Ukafika kwa grow akuti kafunse increase, ndipo increase naye akuloza mnzake wina kutsogolo. Zinali ngati amayi akutuma kukabwereka sefa, nyumba iliyonse n'kumakuuza kuti yapita kwa auje. Koma ine ndine wamakani chibadwire. Ndinkalondola khomo ndi khomo mpaka kubwerako ndi kanthu m'manja. Grow, ndinapeza, ndi kukula, kuwonjezeka msinkhu kapena kuchuluka. Develop ndi kusintha pang'onopang'ono kuchoka pa chaching'ono n'kukhala chachikulu, champhamvu kapena chabwinopo. Mature ndi kukhwima, kufika pamene chinthu chamaliza kukula. Amene ndinamukonda kwambiri anali thrive: kukula bwino, mwathanzi, popanda chokupinga. Ndinkamutchula ndikamatunga madzi, lilime kuliluma pang'ono monga ankachitira aphunzitsi.

Mdani wa bukuli anali m'nyumba momwemo. Bambo anga sanapondeko m'kalasi, koma pepala ankalidziwa ndi zala. Ankapichira zinyenyeswa za fodya m'nyuzi zakale, ndipo sanachedwe kuzindikira kuti pepala la dikishonale ndi lopyapyala, lofewa, losanunkha inki. Madzulo ena ndikuchokera kusukulu ndinapeza Z ndi Y kulibe, iwo ali phee pakhonde, utsi uli tolotolo.

"Ababa, mukusuta buku langa!"

"Buku lako liti? Si anawapatsa amako kuti n'loyatsira moto? Inenso ndayatsira moto."

Ndinalira mokuwa moti matenanti anzathu anatuluka kudzaona amene wamwalira. Amayi ndi amene anaweruza mlanduwo. Anati bambo azing'amba kuchokera kumapeto kokha, pepala limodzi pa nthawi, ndipo asanang'ambe ndiziyamba ndawerenga n'kuwauza zimene zalembedwapo. Bambo anavomera akuseka, poganiza kuti nditopa. Sanandidziwe bwino mwana wawo.

Motero sukulu yanga yachiwiri inali pansi pa chigafa, chisakasa chachitali chaudzu chimene timayanikamo fodya. Masana onse tinkakhala pamenepo kusoka: masamba awiriawiri, misana kugundana, singano yaitali kubowola kutsinde, kenako kupachika pamikangala, timitengo topingasa m'chigafamo. Manja ankada bii ndi utomoni wa fodya, choncho mapepala ndinkatsegula ndi chigongono. Pakati pa matenanti pepala lopichirira silimanidwa, monganso moto, ndiye azibambo ena anayamba kubwera.

"Tatiuza mwanawe, lero tisuta chiyani?"

Ndinkawauza, iwo n'kuthirira ndemanga. Titafika pa T ndinalikakamira pepala la thrive mpaka ndinalinena pamtima lonse. Nditamasulira, bambo wina wa ku Ntcheu anagwedeza mutu.

"Kukula mwathanzi popanda chopinga? Ameneyo akunena mimba ya bwana."

Anthu anaseka mpaka kutsokomola. Tsiku lina bambo anga anandifunsa kuti chitukuko cha pawailesichi m'buku langa akuti chiyani. Ndinawawerengera develop. Anapitiriza kusoka, kenako anati, "Pang'onopang'ono ndiye timamudziwa, takhala naye zaka zonsezi. Kusinthako ndi kumene sikunatipeze." Apa sanaseke munthu.

Mwezi wa Febuluwale fodya anapsa nthawi imodzi. Amene sanalimepo fodya sangamvetse: tsamba likayamba chikasu silidikira munthu, ukachedwa limawolera m'munda. Akapitawo anayenda nyumba ndi nyumba kunena kuti aliyense wa manja awiri akhale m'munda. Poyamba ndinkalawirira kuthyola mame asanaume, n'kuthamangira kusukulu, n'kubwerako kudzasoka. Sizinakwane. Lamlungu lina tikuchokera kutchalitchi bambo anandiitana.

"Kuyambira mawa sukulu uyambe waima. Fodya akatha ubwerera."

"Achemwali munawauzanso choncho."

"Iwe, ukuyankha ndani?"

"Mayeso ali pafupi, Ababa. Ndikajomba pano ndiye kuti basi."

"Mayeso tidya? Bwana akatithamangitsa pano ukagona m'kalasi?"

Amayi anandiponda phazi kuti nditseke pakamwa. Ndinatseka, ndipo ndinatsekeratu. Masiku otsatira sindinawalankhule bambo ngakhale moni. Ndinkathyola fodya ngati ndikumenya munthu, ndikamva belu la kusukulu likulira patali misozi n'kumagwera pamasamba. Ndinawada, ndinene zoona, ndipo pangano lathu ndinaliphwanya. Buku ndinalitsomeka m'denga la nyumba, mkati mwa udzu, kuti ngati ine sindiwerenga, iwonso asasute. Anabwerera ku nyuzi zawo osandifunsa kanthu.

Kenako kunagwa chimvula chamkuntho masana. Pa esiteti mvula yotere ikabwera palibe amene amaganiza za nyumba yake. Tonse tinathamangira kuchigafa, ena kugwira mizati, ena kutchinga m'mbali ndi mapepala apulasitiki, chifukwa fodya wouma akanyowa chaka chonse chapita. Chigafa tinachipulumutsa. Titabwerera kunyumba tinapeza mbali imodzi ya denga yasasuka, mphasa zikuyandama. Buku langa linali pansi m'matope, litafufuma ngati buledi woviikidwa mu tiyi, ulusi wakumsana utaduka. Nditayesa kutsegula, mapepala anamatirirana n'kuyamba kunyenyeka m'manja.

Sindinakuwe ulendo uno. Ndinalinyamula, kudutsa pamaso pa bambo amene anali kutola udzu, n'kukaliponya kudzala. "Kasuteni lonse," ndinatero. Amenewo anali mawu anga oyamba kwa iwo chiyambire kujomba, ndipo ndinawalankhula ndi mtima wonse.

M'mawa mwake amayi ndi ine tinapita kukathyola kumunda wakumunsi, bambo n'kutsala kuti akonze denga. Dzuwa litafika pamutu tinabwera ndi mitolo yathu kuchigafa, ndipo tili patali tinamva anthu akuseka. Kumapeto kwa chigafa, pakati pa masamba obiriwira ndi achikasu, panali mizere yoyera ikugwedezeka ndi mphepo. Ndinatula mtolo n'kuyandikira. Anali mapepala a buku langa. Bambo anakalitola kudzala, n'kumatula pepala limodzilimodzi ndi nsonga ya mpeni, n'kusoka awiriawiri ndi singano ya fodya, misana kugundana, n'kupachika pamikangala motalikirana bwino kuti mphepo izidutsa. Denga la nyumba linali likadali chosasuka.

"Achimwene, ameneyu ndi giredi yanji?" anafunsa bambo wa ku Ntcheu uja. "Ku okushoni akagula bwanji?"

Bambo anangopitiriza ntchito yawo. Anali pamwamba akupachika mkangala wina, ulusi uli kukamwa. Posakhalitsa akapitawo anatulukira, ndipo iwo sanaone choseketsa. Nyengo imeneyo malo m'chigafa ndi osowa, fodya wina amachita kudikira pansi.

"Zinyalala izi zikutani muno? Chigafa ndi cha fodya wa bwana!"

Bambo analavula ulusi uja. "Mbali ino ndinamanga ndine, akapitawo. Uyu ndi fodya wa mwana wanga. Akauma nditsitsa."

Sindinawamvepo bambo akuyankha akapitawo chotero, ndipo akapitawo nawonso zinawadzidzimutsa moti anangotukwana pang'ono n'kumapita. Ine ndinaima pomwepo. Ndinkafuna kupitiriza kukwiya, poti kusukulu ndinali ndisanabwererebe, koma mkwiyowo unkandipulumuka m'manja. Ndinakhala pansi n'kuyamba kusoka.

Mapepala atauma bambo anawasamalira monga amasamalirira tsamba labwino. Sanawatsitse masana, kuopa kuti angaphwanyike. Anadikira m'mawa kuli kachinyezi, pamene fodya amafewa. Anakhala nawo pamphasa kuseri kwa chigafa nthawi yaitali, osalola munthu kuyandikira. Kenako anakapempha jeke yodindira mabelo, n'kuwapanikiza pakati pa matabwa awiri mpaka anawongoka. Pomaliza anawasokerera kumsana ndi ulusi wa mabelo, chikuto n'kudula pachiguduli. Madzulo ake anandiitana pakhonde n'kundipatsa ndi manja awiri, ngati akupereka kwa mlendo.

Linali lokongola, lolimba kuposa mmene linabwerera, likununkhira fodya. Ndinatsegula kuti ndifune develop. Pepala loyamba linali la M. Lotsatira la C. Kenako S, kenako F, kenako M wina. Ndinatsegula pakati, ndinatsegula kumapeto, monsemo zinali chimodzimodzi. 

"Ababa, mwawasanja bwanji mapepalawa?"

"Mwa giredi," anatero monyadira. "Oyera bwino ali pamwamba. Amawangamawanga pakati. Ofiira ndi ong'ambika ndaika pansi. Sindinasakanize ngakhale limodzi, kayang'ane."

Ndinayang'ana, ndipo zinali zoona. Buku linkayamba loyera mbee n'kumka lidera pang'onopang'ono mpaka kumapeto, mwaluso loti wogula aliyense akanaliyamikira. Koma dikishonale yopanda ndondomeko ya zilembo ndi thumba la nyemba zosakaniza ndi mchenga. Kupsa mtima kwanga kunabweranso.

"Mwaliwononga! Mawu ndiwapeza bwanji tsopano? Amayenera kutsatana, B, C, D, mpaka kumapeto. Pepala lililonse lili ndi malo ake!"

Nkhope yawo inagwa. Anatenga bukulo, kulitembenuza uku ndi uku, kuyang'anitsitsa timizere takuda timene kwa iwo tinali tofanana tonse. Ndinawaonetsa zilembo zapamwamba pa pepala, kuti ichi chimabwera chisanafike ichi, kuti munthu ukadziwa zimenezi mawu aliwonse umawapeza mosavuta. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Ndinayembekezera kuti andikalipira chifukwa chosayamika, ndipo akanakhala ndi chifukwa.

"Ndiye kuti masiku onsewa ndimagwira ntchito yolakwika," anatero motsitsa mawu.

Pamenepo manyazi anandigwira, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Ndinati ayi, lauma bwino, ndidula ulusi ndisanjenso ndekha. Iwo anakhala ngati sakundimva.

"Ine ndasankha fodya moyo wanga wonse. Tsamba ndikangoligwira ndimadziwa malo ake, maso otsinzina. Koma ichi chandikanika, chikhalirecho ndimachiyang'ana ndi maso awiri." Anandibwezera buku. "Mawa upite kusukulu."

"Nanga fodya?"

"Ndati upite. Fodya si wako."

Amayi anali pakhomo akupeta, ndipo anasiya. "Abambo, akapitawo mukawauza chiyani?"

"Ndikawauza kuti wapita kusukulu. Pali china?"

M'mawa ndinavala yunifolomu imene inali itayamba kununkha nkhungu. Njira ya kusukulu inkadutsa m'mphepete mwa munda wathu. Ndinawaona awiriwo atawerama, amayi mumzere wawo, bambo akuthyola mizere iwiri nthawi imodzi, wawo ndi wanga. Akapitawo anali ataima pachulu, ndipo atandiona anakuwa kufunsa kumene ndikupita. Sindinaime. Ndinamva bambo akuyankha osadzutsa mutu, ndipo ndinathamanga osacheukanso.

Ulusi uja sindinaudule. Nthawi yosanjanso panalibe, komanso mtima sunandilole. Ndinkati ndikafuna mawu amodzi ndinkayenda m'buku lonse, kuyambira koyera mpaka kofiira, ndipo m'njiramo ndinkakumana ndi mawu ena amene sindinawafune. Improve ndinamupeza kwa amawangamawanga: kukonza chinthu kuti chikhale bwino kuposa kale. Progress anali pansi penipeni, kwa ong'ambika, theka la tanthauzo lake litadyedwa ndi matope. Chimene chinatsala chinkati kuyenda kupita kutsogolo, ndipo ndinaona kuti n'chokwanira. Ndinkawerenga popita, ndinkawerenga pobwera, ndinkawerenga ndikusoka, mpaka aphunzitsi anayamba kundifunsa ine matanthauzo pamaso pa kalasi.

Kumunda zinthu sizinayende. Anthu awiri sangathe ntchito ya atatu, ngakhale alimbe bwanji. Masamba ena anapserera, ena anawolera pansi. Bambo anaonda mpaka malaya kuwakulira, ndipo usana wina anasanza m'munda chifukwa cha fodya wonyowa amene amalowa m'thupi kudzera pakhungu. Ndinawauza kuti ndijombe masiku ochepa okha. Anandiyang'ana ndi diso limene sindinalionepo, n'kunena kuti ndikayerekeza andithamangitsa ndi mkangala mpaka pakhomo la kalasi.

Mayeso anafika nthawi yodinda mabelo. Chimangirizo sichinakhudze chitukuko m'pang'ono pomwe. Anatifunsa za ukwati umene tinaonererapo. Ndinawatukwanira mumtima aphunzitsi aja, kenako ndinalemba za ukwati wa mkulu wanga, ndipo thrive ndinamulowetsamo mokakamiza, ponena za mbuzi zimene sizinaphedwe. Ndinakhoza, n'kusankhidwa kupita kusekondale yoyendera, koma nkhani imeneyo inatipeza tili kale kwina.

Fodya atagulitsidwa, akapitawo anabwera kudzanena kuti chaka chamawa bwana akufuna mabanja a manja okwanira, ndipo nyumba yathu ilowa anthu ena. Panalibe wodabwa. Tinamanga katundu wathu, amene sanali wambiri, n'kukakhala m'mbali mwa msewu kudikira lole ya esiteti ina imene tinamva kuti ikufuna matenanti. Kunali mphepo yozizira ya mwezi wa Julaye, fumbi likutimenya kumaso. Amayi anafunda chitenje kumutu. Pa esiteti imene tinkachokayo tinali titakhalapo zaka zambiri, ndipo kumanda ake tinasiyako mng'ono wanga.

Ndinasendera pafupi ndi bambo. Mawu ndinali nditawakonza kuyambira kunyumba, koma anatuluka movuta.

"Pepani, Ababa. Ndakuchotsetsani malo ndine."

Anayang'ana kumsewu. Manja awo anali pamaondo, ong'alukang'aluka, utomoni utakanirira m'ming'alumo.

"Mayeso aja unalemba onse?"

"Onse."

"Palibe phunziro limene unasiya?"

"Palibe, Ababa."

"Maesiteti ali mbwee m'Kasungu muno," anatero. "Ndinataya kale mwana mmodzi, mkulu wako, chifukwa choopa kapitawo. Wachiwiri ayi."

Lole inatulukira pakona ikufuka fumbi. Bambo anaimirira, kusenza mphasa ndi makasu, n'kundiuza kuti ndinyamule ndowa ndikwere msanga ndisanasowe pokhala.